Ali kunja nawo ali ndi gawo pa masika

Epulo akamatha, misika ya m'matauni ang'onoang'ono imasintha fungo. Pa Lizulu, pa Chimbiya, pa Mponela ngakhale pa Jenda, utsi wa chimanga chootcha umasakanikirana ndi fungo la mtedza wongokumba kumene. Maungu amangoti mbwee m'mbali mwa msewu, ana ali kalikiliki kutafuna misale mpaka milomo kuchekeka. Ngolo zimayamba kundandana kuchokera kuminda, pomwe mavenda amakhala atapachika kale masikelo awo pansi pa mitengo. Safunika kalendala munthu kuti adziwe kuti masika afika.

Koma m'makomo ambiri nyengoyi imafika wina palibe. Mwana wachisamba ali ku Joni, mlongo wake ndi namwino ku Britain, mng'ono wawo ali m'gulu la achinyamata amene adayamba kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel kumapeto kwa 2023. Amene ali ndi m'bale kunja akudziwa kuti nyengo ino foni imalira pafupipafupi, ndipo mafunso ake amakhala achilendo. Munthu amene chaka chonse amangofunsa ngati ndalama yafika, lero akufunsa ngati maungu a pachulu paja abereka, ngati mtedza wakumbidwa, ngati nkhokwe ya agogo ikadaima. Kawirikawiri woyankha amangodula: "Zonse zili bwino achimwene, koma nanga za fizi zija?"

Kuyankha kotereku n'kulakwa, ndipo mabanja ambiri sakuona kuti akudzipweteka okha. Munthu wofunsa za maungu sikuti wasowa chonena. Akupukwa, ndipo kupukwa kumeneko ndiko kumam'chititsa kuti azikumbukirabe kwawo mwezi ukatha. Tsiku limene adzasiye kufunsa za kumunda, a pakhomo ayambe kuda nkhawa.

Chimene amachisowa anthuwa si chakudya chokha, ngakhale chakudyacho pachokha n'chokwanira kum'liza munthu wamkulu. Mondokwa wothyola m'mawa n'kuphika nthawi yomweyo, mtedza wauwisi wophikira mchere, mphonda, zipwete, nzama, futali wa mbatata yoyamba, thobwa la chimera chatsopano: zonsezi zimabwera pamodzi kwa milungu yochepa, kenako zimapita. Patsogolo pake pamabwera ntchito imene imasonkhanitsa banja lonse, kudula chimanga, kuimika mikukwe, kukolola, kututa, kutonola madzulo anthu atazungulira mulu uku akusimba za chaka chonse. Amayi amafutsa nkhwani ndi khwanya n'kumanga zikwatu zodzadya m'chilimwe. Anyamata amatenga makasu kukakumba mbewa m'minda mokololedwa. Usiku wa Juni, chisanu chitagwira, ana amaunjikana pamoto wa zitsononkho kudikira nthano.

Komanso masika ndiyo nthawi imene mudzi umawerengerana. Chakudya chikalowa m'nyumba, ndipo alimi a fodya akayamba kubwera kuchokera ku Kanengo, ku Chinkhoma kapena ku Limbe, zonse zimene zidaimitsidwa m'dzinja zimadzuka. Ngongole zimabwezedwa, ankhoswe amakumana, maukwati amalengezedwa kutchalitchi, ziliza zimamangidwa, mowa wa bona umafulidwa, Asilamu amakonza sadaka za abale amene adatsogola. Anamwali amalangizidwa, ng'oma za gule zimamveka mpaka mbandakucha, ndipo sukulu zikatsekera, kumadera a Ayao kumakhala zinamwali. Nkhani za malire a munda ndi za amene adzalime dimba la malemu zimakambidwanso nthawi yomweyi. Tsono munthu akaphonya masika zaka zisanu, waphonya misonkhano isanu imene banja lidagawana zinthu ndi maudindo iye palibe. Apa ndiye pagona nkhani.

Ali ku South Africa, nyengo amaionako ndithu chifukwa imayendera limodzi ndi ya kuno. Meyi akafika ku Johannesburg masamba a mitengo ya m'misewu amayoyoka, mphepo imayamba kubaya, ndipo m'makona amayi amaotcha chimanga pambaula. Mnyamata wochokera ku Mangochi kapena ku Mzimba, amene ntchito yake n'kusesa masamba omwewo pabwalo la bwana wake, thupi limamuuza lokha kuti kwawo akukolola. Chimanga chija akhoza kugula, ufa uli m'sitolo iliyonse, koma nsima yake si ya ufa woyera wa mphale yoviika masiku angapo, yoyanika pamphasa n'kukagayitsa. Amene adakulira ufa wotere amazindikira kusiyana kwake pa mbamu yoyamba.

Wina angafunse kuti nanga bwanji osangokwera basi, poti ndi ulendo wa masiku awiri okha kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza kapena Dedza? Apa mabanja ayenera kumvetsa. Mmalawi amaloledwa kukhala m'dzikolo masiku 30 popanda chitupa chapadera, ndipo ambiri mwa amene akugwira maganyu kumeneko masiku awo adatha kalekale. Chiyambire 2014, malamulo a South Africa amati wopitiriza masiku akamatuluka aletsedwe kulowanso kwa chaka chimodzi mpaka zisanu. Kubwera kudzadya mondokwa kungatanthauze kutaya ntchito imene ikulipirira ana atatu sukulu. N'chifukwa chake ena amamva za chiliza cha bambo awo pafoni, ali m'kachipinda kogona anthu anayi. Kuwanena anthu otere kuti adatchona n'kuwaonjezera katundu.

Za amene ali ku Britain ndi maiko ena a kumpoto ndiye zosokoneza mutu, chifukwa kumeneko kalendala ndi yotembenuka. Kuno kukamakololedwa, kwawoko mitengo ikuphuka kumene. Nyengo yawo yokolola imadza mu Sepitembala ndi Okutobala, masamba akamafiira n'kumagwa. Lamulungu lomaliza la Okutobala mawotchi amabwezedwa m'mbuyo ndi ola limodzi, ndipo pofika Novembala mdima umagwa cha m'ma 4 koloko masana. Matchalitchi a kumeneko nawo ali ndi tsiku lothokoza chifukwa cha zokolola, koma zimene anthu amanyamula kupita nazo kuguwa ndi zakudya za m'zitini ndi m'mapaketi zogula kusitolo. Mayi amene adazolowera chopereka cha masika cha kwawo, pomwe pakhomo la tchalitchi pamaunjikidwa matumba a chimanga, mitolo ya nzimbe, nkhuku zomanga miyendo ndi mbuzi ikulira pamtengo, amaimba nawo ndithu, koma mtima uli ku Nkhoma kapena ku Ekwendeni.

Ndiye pali tsiku la 31 Okutobala limene amalitcha Halloween. Masitolo amadzaza maungu akuluakulu, anthu n'kumawagula, kuwaboola maso ndi mano, kuikamo kandulo n'kuwasiya pakhomo. Pakapita masiku angapo ambiri amatayidwa. Kwa munthu amene adakula akudziwa kuti dzungu ndilo limapulumutsa ana mu Malichi chimanga chisanache, nthanga zake n'kukazinga, masamba ake n'kutendera, zimenezi zimavuta kuzizolowera ngakhale atakhalako zaka 20.

Chopweteka kwambiri n'chakuti pa nthawi imene munthu wa ku Britain wazingwa ndi mdima ndi kuzizira, akuganiza za masika a kwawo, kuno ndi Okutobala wa dzuwa loswa mtengo. Minda yasosedwa, mizere yaungidwa, aliyense maso ali kumwamba kudikira chizimalupsa. Uthenga umene amalandira pa WhatsApp nthawi imeneyo ndi umodzi: feteleza wakwera, mbewu sitinagule, aganyu akufuna zawo. Amatumiza. Ikafika Epulo, pomwe zipatso za ndalama yake zikuoneka, iye ali pa shifiti ya usiku ndipo palibe amene akumuuza kuti mwatuluka ngolo zingati.

Kupukwa kotere sikudayambe lero. Agogo a anthu omwewa adapita ku migodi kudzera ku Wenela, ena ku mafamu a ku Southern Rhodesia kudzera ku Mthandizi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa itangonyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo kontirakiti itatha. Udali mwezi wa mondokwa, ndipo m'midzi yawo munali mutayamba kununkhira zatsopano. Ngoziyo idachititsa Dr Kamuzu Banda kuimitsa kalembera wa anthu opita kumigodi, ngakhale patapita zaka zochepa ena adayambanso kupita kudzera ku Teba. Pa Wenela pomwepo, mumzinda wa Blantyre, lero ndi pokwerera mabasi, ndipo zidzukulu zikunyamukira malo omwe ankanyamukira agogo awo.

Amene sadabwerere, machona aja, adachita zimene munthu wopukwa amachita: adanyamula mwambo n'kukaudzala komwe adali. M'migodi ndi m'mafamu a ku Zimbabwe gule wamkulu akuvinidwa mpaka lero ndi ana ndi zidzukulu za Amalawi, ena oti sadapondeko m'dziko muno. Pomwe bungwe la UNESCO limalemekeza guleyu mu 2005, n'kudzalembanso nsima pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu mu 2017, lidangotsimikiza zimene machona ankadziwa kale, kuti izi ndi zinthu zoti munthu sangazisiye pachipata cha dziko. Koma mbiri ya machona ikuphunzitsanso china. Ambiri a iwo sadalinge zokhalitsa. Makalata adayamba kuchepa, kumudzi minda yawo idagawidwa, maliro ndi maukwati zidachitika osauzidwa, mpaka tsiku lina adaona kuti kobwerera kulibe. Kutchona kumachitika mbali ziwiri.

Tsono nkhani ya ndalama ya feteleza iyenera kukambidwa mosapsatira. M'mabanja ambiri a m'matauni ang'onoang'ono, munda umalimidwa ndi ndalama yochokera kunja. Makuponi a boma, chiyambire pulogalamu ya zipangizo zotsika mtengo mu 2005, sadakwanirepo aliyense, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba la feteleza lidafika poti mphunzitsi wa pulayimale ayambe waganiza kawiri. Amene amatseka dzenjelo ndi mwana uja ali kunja. Iyeyo ndi mlimi mnzawo wa a pakhomo, kungoti khasu lake ndi foni. Nanga ndi mlimi uti amene amalowetsa chuma chake m'munda koma osauzidwa zimene zatuluka?

Zimene zimachitika kawirikawiri n'zodziwika. Chimanga chikangolowa, mavenda amafika ndi ndowa ndi masikelo awo okayikitsa aja, mtengo uli pansi chifukwa aliyense akugulitsa. Matumba amatuluka limodzilimodzi, lero la chitenje cha chinkhoswe, mawa la mowa, mkuja la foni yatsopano. Pofika Januwale m'nyumba mulibe kanthu, chimanga chomwe chija chikugulidwa kwa venda yemwe uja pa mtengo umene zaka zina umawirikiza kawiri, ndipo foni ya ku Joni ikuliranso. Munthu mmodzi walipira chimanga chimodzi kawiri, poyamba ngati feteleza, kachiwiri ngati ufa, koma sadalaweko ngakhale chitsononkho.

Kunena zoona, si mabanja onse amene amagulitsa chifukwa chosasamala. Fizi ya teremu yachitatu imafunika nthawi yomweyi, akatapila sadikira, ndipo matenda safunsa kuti chimanga chili pa mtengo wanji. Palinso zaka zimene kumunda kumakhala kopanda choti n'kuuza munthu. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adakokolola minda m'chigawo cha kummwera mbewu zili pafupi kucha, ndipo chaka chotsatira ng'amba idachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Koma ngakhale chaka chotere, wotumiza ndalama ayenera kumva chilungamo chake msanga, mu Epulo momwemo, kuti adziwe pokonzekera. Kumubisira kuti mwapata matumba anayi okha, n'kudzamudzidzimutsa mu Disembala, ndiko kumabala mawu aja akuti "kumudzi amangondidya." Mawu amenewa akangoyamba kutuluka, ubale wayamba kale kuzilala.

Choyenera kuchita si chovuta, ndipo sichifuna ndalama. Tsiku lotuta, wina ajambule ngolo ikulowa pakhomo n'kutumiza. Matumba akasokedwa awerengedwe, chiwerengero chake auzidwe mwini feteleza asanafunse, pamodzi ndi zimene banja lalinga: angati odya, angati ogulitsa, ndipo liti. Ngati iye anena kuti matumba ena asungidwe mpaka mtengo utakwera, mawu ake amveke ngati a munthu amene adalima nawo. Masiku ano kuli mankhwala othira ndiponso matumba a PICS osalowa mpweya amene amateteza chimanga kwa anankafumbwe popanda mankhwala, choncho chodzikhululukira chakuti chikadafumbwa chikuchepa mphamvu.

Ndipo pakhale thumba limodzi lolembedwa dzina lake. Ena aseka, poti mwini wake sadzadya. Komatu makolo akale ankasungira mwana wa paulendo gawo lake, ndipo ankadziwa chimene ankachita. Mu Meyi 2008 anthu 62 adaphedwa pa zipolowe zothamangitsa alendo ku South Africa, ndipo mu Epulo 2015 zidabukanso ku Durban, boma n'kutumiza mabasi kukatenga anthu ake. Maulendo onse awiri idali nyengo ya masika. Amene adatsika mabasi aja chimanjamanja, ena ndi zovala za m'thupi zokha, adafikira kudya za m'nkhokwe ya kwawo. Munda wa kumudzi ndiwo chikole chokhacho chimene ambiri mwa anthuwa ali nacho, ndipo banja limene limagawa mundawo kapena kuubwereketsa mwini wake osadziwa likumudula miyendo.

Pa za miyambo, masiku a chiliza, chinkhoswe kapena ukwati asamakhazikitsidwe kaye kenako n'kumuuza wa kunja ngati womulipiritsa msonkho. Namwino wa ku Manchester amapempha tchuthi miyezi ingapo nthawi isanakwane, ndipo tikiti ya ndege yogula mochedwa imadya ndalama yomwe ikadamanga chilizacho. Akafunsidwa mu Januwale, mwina akhoza kubwera mu Ogasiti, n'kupezerapo mwayi wopita ndi ana ake ku Kulamba ku Mkaika kapena ku Umthetho ku Hora. Akalephera, foni ilipo, aonere mapemphero ndi kudula kwa nsalu ali komweko. Pokhapo pafunika kusamala: si zonse za m'mudzi zoyenera kamera. Za kudambwe ndi za kutsimba zili ndi eni ake, ndipo mnyamata wojambula zimenezi kuti asangalatse achimwene ake a ku Cape Town adzaputa mlandu umene ndalama ya rand singauthetse.

Nawo ali kunjawo asamaganize kuti masika amene akuwalira adakali momwe adawasiyira. M'madera ambiri nkhokwe zidatha, chimanga chimagona m'chipinda m'matumba poopa akuba, ndipo ena amakolola chisanaume bwino pa chifukwa chomwecho. Dima, pomwe anthu ankathandizana ntchito n'kumwera limodzi thobwa kapena mowa, adalowedwa m'malo ndi ganyu wolipira pa mzere. Ana ambiri madzulo amakhala ku vidiyo, osati pamoto wa agogo. Munthu akakhala kutali amakumbukira mondokwa n'kuiwala minga ya chisoso ndi msana wopweteka, ndiye n'kumalamula pafoni kuti chakuti chichitike monga kale, osadziwa kuti wosenza dengu ndi mayi wa zaka 70. Kufunsa n'kwabwino, koma afunse kuti amve, ndipo akauzidwa kuti ndalama ya aganyu okolola ikufunika, asadabwe.

Ali ndi udindo winanso kwa ana amene akubadwira kunjako. Mwana wobadwira ku Leeds amadziwa dzungu ngati nyali ya Halloween, ndipo wa ku Pretoria amayankha m'chilankhulo cha anzake akafunsidwa m'Chichewa. Sangapukwe chinthu chimene sadachionepo. Makolo amene amabwera nawo kuno pa Khrisimasi pokha amawaonetsa dziko la matope, udzudzu ndi nkhokwe zopanda kanthu. Tchuthi chachitali cha sukulu za ku Britain chimakhala kumapeto kwa Julayi ndi Ogasiti yense, nthawi imene kuno chakudya chilipo, misewu ndi youma ndipo miyambo ili pakati. Mwana amene watonolako chimanga ndi asuweni ake, n'kupsa chala pootcha mbatata, akadzakula adzakhala ndi chofunsa akaimba foni.

Kaphukusi nako kali ndi malo ake. Mabasi a ku Joni amanyamuka ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu sabata iliyonse, ndipo sipalephera kupezeka wodziwika amene akupita. Ufa woyera pang'ono, nsinjiro, chikwatu cha mfutso, usipa wouma bwino, mpunga wa Kilombero: zimenezi zikafika m'kachipinda ka ku Mayfair, anyamata a mudzi umodzi amaitanizana Lamulungu masana. Wotumiza angoyamba wafunsa zimene zikuloledwa pachipata, chifukwa dziko lililonse lili ndi malamulo ake pa zakudya ndi mbewu. Ku Britain, mwachitsanzo, nyama ndi zamkaka zochokera kuno saloleza, ndipo mbewa, ngakhale zitafutsidwa mwaluso chotani, kwa a kasitomu a pa Heathrow ndi nyama basi.